Mbale ya a Dazi

Ine ndadya m'mayiko khumi ndi anayi. Sindikunama, mapasipoti alipo, awiri anadzaza ndi zidindo mpaka kusowa podinda china. Ndadya m'ndege, ndadya m'sitima zapamadzi, ndadya pamwamba pa nyumba yosanjikizana kamakumi anayi, imene imazungulira yokha iwe uli phee pampando. Anandifikitsa konseko ndi matayala. Ndinayamba ndi tayala limodzi lomatamata, lero ndili ndi masitolo asanu ndi awiri, ndi malole atatu olembedwa dzina langa m'mbali ndi zilembo zofiira. Koma aliyense amene anakhalapo nane patebulo amadziwa kumene nkhani zanga za chakudya zimathera. "Zonsezi n'zachibwana," ndimatero. "Msuzi weniweni ndinaumwa kumsika wa mumzinda waukulu uja, kuseri, kumene amadyera onyamula katundu."

Msuzi umenewo ndautama zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ana anga nkhaniyo anailoweza pamtima. Akazi anga, ndikangoiyamba, ankatola mbale n'kumapita kukhitchini akundimalizira mawu.

Tsiku limene ndikunenali linali Lachitatu, ndipo tinali mumzinda womwewo, koma osati kudzaona malo. Akazi anga anali gone pabedi la pawindo, m'chipinda cha pamwamba cha chipatala chachikulu, ndipo inali itatsala pang'ono kukwana sabata osaika kanthu kukamwa. Anawapeza ndi chotupa m'mimba. Dokotala wodziwa kuchotsa zoterezo anatipatsa tsiku la Lachisanu. Ine ndinali nditabweretsa chilichonse chimene ndalama ingagule: nkhuku ya kuhotela, nsomba yochotsa minga, zipatso zosendasenda, mkaka wa m'timabotolo. Iwo ankangonunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Mwana wathu wachisamba, amene ankawadwazika, ankazibwezera m'mapepala akupukuta misozi.

M'mawa umenewo dokotala anandiitanira pakhonde.

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Madzi a m'botolo amene tikuwapatsawa sakwanira. Mayi akapanda kuyamba kudya okha lero, Lachisanu sindiwachita opaleshoni, thupi lilibe mphamvu. Ndibweranso 3 koloko. Ndikapeza zili chimodzimodzi, tiwalowetsa paipi m'mphuno ndipo tsiku tilisuntha. Malo ena apezeka pakatha miyezi iwiri."

"Nanga chotupacho chidikira miyezi iwiri?"

Anangoyang'ana pepala lake.

Nditalowanso m'chipindamo ndinapeza akazi anga atatsegula maso. Mawu awo anali atachepa ngati a munthu woyankhulira kuseri kwa chitseko.

"Bambo, msuzi wanu uja."

"Uti, mayi?"

"Umene mwatisokosa nawo moyo wonse. Si kunoko? Kanditengereni. Mwina umenewo ungalowe."

Mwana wathu anandiyang'ana. Aka kanali koyamba m'sabata yonseyo kuti mayi ake atchule chakudya ndi pakamwa pawo.

"Ha! Zokhazo basi?" Ndinadziguguda pachifuwa. "Msika umenewo ndimaudziwa ngati thumba la buluku langa. Ola limodzi ndabwera!"

Ndinatenga fulasiki, ndinakonza tayi pagalasi, ndinatuluka ngati munthu wopita kukasaina pangano. Matama onse anandithera ndili pamasitepe. Kumsikako ndinanyamulako matumba miyezi isanu, ndili mnyamata wosowa pogwira, matayala asanabwere. Chichokereni sindinapondekonso. Mumzindamo ndadutsamo kambirimbiri, koma kuchoka kubwalo la ndege kupita kuhotela, galasi la galimoto lili chotseka. Kaya mphikawo unalipobe, sindinkadziwa.

Takisi inanditsitsa pachipata chachikulu cha msikawo 11 koloko itangokwana. Chipatacho ndinachizindikira, ngakhale anachipaka utoto wachikasu n'kukolekapo maluwa a pulasitiki. Kale pamenepo pankanunkha matope, kabichi wowola ndi thukuta. Tsopano pankanunkhira sopo ndi khofi. Mabenchi a anyezi anachoka. M'malo mwake munali mikanda, zikwama, malaya olembedwa dzina la mzindawo, ziboliboli zofanana ngati zobadwa kwa mayi mmodzi, ndi alendo odzaona malo ali piringupiringu, makabudula ndi zipewa zazikulu, aliyense foni m'mwamba kujambula mnzake amene akujambulanso wina.

Ine ndili ndi lamulo la paulendo, ndipo ndaliphunzitsa anthu ambiri kwaulere. Ukafuna chakudya chabwino mumzinda wachilendo, usayang'ane zikwangwani, yang'ana mapazi. Tsata a nsapato zakutha, adzakufikitsa pamphika wabwino. Ndiye ndinaweramitsa mutu n'kuyamba kuyang'ana. Masandasi atsopano. Nsapato zothamangira zoyera mbee. Zikhadabo zopaka utoto. Ndinayenda kanjira koyamba mpaka kumapeto, kachiwiri, kachitatu, osaona ndi limodzi lomwe phazi la munthu wogwira ntchito.

Bambo wina wa malaya oyera, atakupatira buku la zithunzi za chakudya, anandigwira pamkono.

"Bwanamkubwa! Njala ikuonekera pankhope. Nsomba? Nyama yootcha? Pamwamba pali kamphepo kayaziyazi, mzinda wonse mukuuona pansi."

"Ndikufuna kumene amadyera onyamula katundu."

"Aaa, mwafika! Mapazi anu ndi amwayi. Kumeneko ndiye kwathu!"

Anandikokera pakona, ndipo zoonadi, pamwamba pa khomo panali chikwangwani chachikulu: Mphika wa Onyamula. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinati mwina anatukuka, nanga si inenso ndinatukuka? Koma nditalowa ndinaona matumba okhomedwa kukhoma, ochapa bwino ndi kusita. Wilibala inali pakati pa chipinda, atadzalamo maluwa. Operekera chakudya anavala maepuloni a chiguduli. Ndinayang'ana manja awo, osalala ngati a kalaliki wa kubanki.

Msuziwo unabwera m'kamphika kadothi, katsamba kali pamwamba, pamtengo wogulira tayala la njinga yamoto. Ndinalawa. Mchere, ufa wa m'paketi, ndi mafuta oyandama. Fupa silinadutsepo ngakhale kudzapereka moni.

Apa satana anandinong'oneza. Akazi ako msuzi weniweniwo sanaulawepo, adziwa bwanji? Ndinayang'ana wotchi: hafu pasiti leveni. Ndinathira msuziwo m'fulasiki, ndinatseka, ndinaimirira. Pomwepo foni inalira. Anali mwana wathu.

"Adadi, mwaupeza? Amami andiuza kuti ndiwakhazike tsonga. Ndawatsuka m'kamwa, ndawapesa. Akuti fungo lake akulimva kale."

"Ndatsala pang'ono, mwana wanga. Pali mzere. Malo otchuka, ukudziwa."

Nditadula ndinakhalanso pansi. Ndinawaona m'maganizo akazi anga akukweza supuni ya mafuta amenewa, akumeza, kenako akufunafuna beseni. Akabweza kamodzi kokha, ndinadziwa, sadzatchulanso chakudya. Mpata unali umodzi, ndipo ine ndimafuna kuuthera pa msuzi wa m'paketi.

Panja ndinamugwira bambo wa buku uja.

"Achimwene, tisanamizane. Onyamula enieni amadyera kuti?"

"Enieni ndi ife, bwana. Tinalembedwa m'mabuku a alendo."

Ndinafunsa wa mikanda, anandilozera komwe ndimachokera. Ndinafunsa wa zikwama, chimodzimodzi. Wa khofi anafuna kundiperekeza yekha. Ndinachedwa kuzindikira kuti imandipereka ndi suti. Aliyense ankayamba wayang'ana jekete, wotchi, nsapato, kenako n'kunditumiza kumene anthu a jekete amadyera. Thukuta linayamba kuyenderera kumsana. Ine, munthu amene sindinasocherepo m'mizinda ya masitima oyenda pansi pa nthaka, ndinadutsa pa benchi imodzimodzi ya zipewa katatu, mpaka wogulitsayo anandipatsa moni wa munthu wodziwana naye.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wosesa. Ameneyo sanayang'ane suti, ankayang'ana pansi pamene ndinaponda.

"Sunthani mwendo, bambo. Onyamula? Kuno saloledwa ikakwana 9 koloko. Akuti amaononga zithunzi. Amalowera kuseri, kumalole." Analoza ndi tsache. "Ine ndimasesa kulekeza pakona apo. Mukapitirira muona makoko a anyezi pansi. Muwatsate."

Ndinawatsata makokowo ngati galu wosaka, m'mbali mwa khoma lalitali, mpaka pageti lachitsulo. Mlonda anatambasula dzanja.

"Alendo kuno ayi, bwana. Zoona zili kutsogolo."

"Ine si mlendo!"

"Onse amatero."

Ndinabwerera pang'ono, ndinadikira lole ya kabichi imene inkalowa, n'kuyenda nayo mbali imene mlondayo sankaona, nditagwira fulasiki pachifuwa ngati wakuba. Mkati ndinaponda m'matope mpaka m'kakolo, ndipo mphuno yanga inafika kwawo.

Pansi pa malata, m'mbali mwa khoma, panali chimphika chakuda chachikulu ngati theka la mgolo. Mphikawo umayenda chonchi, kuyambira kale: wonyamula akatula katundu, mwini benchi amamuponyera kanthu pamwamba pa malipiro, wa nyama fupa, wa masamba anyezi awiri, karoti wothyoka, mbatata yokumbidwa ndi khasu. Zonsezo amakaponya kwa mayi wophika m'mawa, masana n'kudzadya pamodzi. Amuna anali atayamba kale kundanda, aliyense mbale yake m'manja. Wogawayo anali mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamikono yamphamvu, osati gogo amene ndinkamudziwa.

"Zikomo kuno! Mayi aja ankaphika pano ali kuti?"

"Anatisiya kalekale. Ndine mwana wawo. Tikuthandizeni?"

Apa ndiye ndinalakwitsa. Chimwemwe chinandikwera kumutu, pakamwa panatseguka pokha.

"Ine ndi wa pano! Ndinanyamula pamsika uno inu musanamere mano! Ankanditchula Chigalimoto, matumba awiri ulendo umodzi, funsani aliyense! Lero ndili ndi malole anga atatu, koma sindinaiwale kwathu."

Ndinayang'ana nkhope zonse pamzerepo kufuna imodzi yoti igwedeze mutu. Panalibe.

"Aliyense wa mimba akafika pano amati anayambira pano," anatero wina kumbuyo. Anzake anafa nacho chikhakhali.

Ndinatulutsa chikwama, ndinasolola ndalama zamapepala osawerenga, n'kuziika pa bokosi pafupi ndi mphika.

"Dzazani fulasiki iyi, mayi. Chenji musavutike nacho."

Kuseka kunatha. Mayiyo sanaziyang'ane n'komwe ndalamazo.

"Bwezani m'thumba, bambo, zingagwere m'moto. Pano sitigulitsa. Chaka china tinagulitsako. Anabwera awiri, anadya, anajambula. Mawa lake anabwera khumi. Kenako basi yathunthu, ndi wowatsogolera wa kambendera. Anthu anga ankatsika palole 1 koloko n'kupeza mphika atapala mpaka pansi. Munthu wanyamula kuyambira mbandakucha, adye ndalama? Ndiye tinapangana. Amadya ndi amene waponya m'mawa. Lero mbale ndi makumi atatu ndi zinayi, ndipo nkhope zake ndikuzidziwa zonse."

"Chabwino, ndikagule fupa ndiponye. Ndigula mwendo wonse wa ng'ombe!"

"Mphika tinatseka 9 koloko. Komanso chogula sichilowa muno. Chimalowa chimene munthu wapatsidwa pa katundu amene wanyamula. Wotsatira!"

Chikho chinalowa mumphika, chinatuluka, chinalowanso. Ndinkaona msuziwo ukutsika. Wotchi inati kota tu wanu. Ndinatola ndalama zanga, ndipo nditayankhulanso mawu anatuluka ang'onoang'ono, osakhala anga.

"Mayi, si wanga. Akazi anga ali m'chipatala. Sabata yatha sanadye. Apempha msuzi uwu, chifukwa ine ndakhala ndikuutama. Akapanda kudya pofika 3 koloko, opaleshoni yawo ilephereka."

Chikho chinaima m'malere. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza mzere.

"Pepani, bambo. Koma ndikakupatsani, ndimana ndani? Sankhani nokha."

Amuna a pamzerepo anayang'ana mbale zawo. Sindinawaimbe mlandu. Njala ya 1 koloko ya munthu wonyamula ndimaidziwa.

"Mbale yanga ndi yanga, eti mayi?"

Woyankhulayo anali mkulu wina amene anakhala pa bokosi akusisita bondo, mutu uli waliwali wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe. Anzake ankamutchula a Dazi.

"Ndi yanu, a Dazi. Koma osagulitsa."

"Ndani wanena zogulitsa? Bwana tayi, mukuiona lole ya anyezi iyo? Anditsalira matumba asanu ndi limodzi, opita pamwamba, shedi yachitatu. Bondo langa lakana. Mwati ndinu Chigalimoto? Lizani injini tione. Mukawakweza, mbale yanga ndi yanu."

"Nanga inu mudya chiyani, madala?"

"Mphika uwu ndaudya zaka makumi atatu. Tsiku limodzi sundisowa."

Ndinayang'ana masitepewo. Anali omwe aja, a simenti yodyeka pakati, makumi anayi ndi awiri. Kale ndinkawakwera ndikuimba. Koma kale ndinalibe mimba, ndinalibe zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndinalibe mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, amene tsikulo ndinawaiwala patebulo kuhotela.

Thumba loyamba ndinalikumbatira kutsogolo ngati mwana wodwala. Ndinayenda mapazi anayi, linanditsetsereka, phi! pansi.

"Injini yazima!" wina anakuwa.

"Akufunika kukankha!"

"Osanyamula ndi manja, bwana," anatero a Dazi osanyamuka pabokosi. "Manja ndi osainira. Lowani pansi pake, lipeze phewa lokha. Ndipo vulani nsapatozo, mutifera pano tivutike ndi apolisi."

Ndinavula nsapato. Ndinavula tayi. Jekete yanga, yosokedwa ndi telala wa kutsidya kwa nyanja amene amasokera nduna, ndinaipinda kanayi n'kuiika paphewa. Ndinaweramira pansi pa lole, thumba linakhala pamalo pake, ndipo msana unakumbuka zimene mutu unaiwala. Ndinakwera. Loyamba linafika. Lachiwiri linafika. Potsika miyendo inkanjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Ndili pakati pa masitepe ndi lachitatu, foni inayamba kulira m'thumba la buluku. Inalira mpaka kusiya. Inayambanso. Ndinalibe dzanja loitulutsira, ndipo sitepe iliyonse ndinkaganiza chinthu chimodzi: foni yolira kawiri kuchokera kuchipatala imatanthauza chiyani? Nditatula ndinaiyankha nditatsamira khoma.

"Adadi, muli kuti kodi? Anamwino abweretsa kale paipi ija, aiika pathireyi pafupi ndi bedi. Amami aiona. Sakuyankhula, akungoyang'ana kuchitseko."

"Uwauze ndili m'njira."

"Nanga mukupumiranji choncho? Adadi, muli bwino?"

"Ndi netiweki, mwana wanga."

Inali twente pasiti wanu. Lachinayi ndinalikweza maso akuchita mdima m'mbali. Pa lachisanu chifuwa chinandigwira ngati wina wamanga lamba n'kumakoka. Ndinaima pa sitepe ya makumi atatu, ndipo ndinaganiza kuti ndikagwa pano, akazi anga adikira kuchitseko mpaka 3 koloko, ndipo palibe pamsika pano amene akudziwa dzina langa lenileni. Ndikuganiza choncho thumba linakodwa pa msomali wa chitsulo chogwirira, linang'ambika, anyezi balala! kugubuduzika masitepe onse mpaka m'matope.

Pamwamba pa khoma, pakhonde la malo odyera a kutsogolo kuja, alendo atatu anali atakweza mafoni. Penapake padziko lino pali chithunzi cha ine, mwini masitolo asanu ndi awiri, ndili m'masokosi, ndikukwawa kutola anyezi.

Nthawi imeneyi palibe anaseka. Amuna anayi anaika mbale zawo pansi, anatola nane, wina anabweretsa chingwe n'kusoka pong'ambikapo. Thumba analiikanso paphewa panga, chifukwa pangano linali pangano.

Lomaliza sindikulikumbuka bwino. Ndikukumbuka mawu a a Dazi kumbuyo kwanga, akutsimphina sitepe ndi sitepe. "Osayang'ana pamwamba. Yang'anani phazi. Linanso. Linanso." Chakumapeto thumbalo linapepuka mwadzidzidzi, ngati pali dzanja pansi pake. Sindinacheuke, ndipo mpaka lero ndimanena kuti ndinakweza ndekha.

Nditatsika mzere unali utatha. Mayi uja anali atapendeketsa mphika, ndipo pansi pake panatsala gawo la munthu mmodzi. Anatsegula fulasiki yanga, ananunkhiza, anakwinya mphuno.

"Uwu ndi wa kutsogolo. Mumafuna kuwapatsa odwala zimenezi?"

"Unali wongoyerekezera."

Anaukhuthulira m'ngalande, anatsuka fulasikiyo katatu ndi madzi otentha.

"Akudwala chiyani? Amabweza?"

"M'mimba. Fungo la mafuta limawadutsa."

Anatenga supuni n'kuyengula mafuta onse pamwamba, modekha, ngati wotchi kulibe. Ine ndinkangopondaponda. Anasefa msuziwo pa kansalu koyera, anaphwanyiramo mbatata imodzi mpaka kusungunuka, mafupa ndi nyama anaika m'mbale n'kupatsa a Dazi.

"Izi odwala sangathe. Musati ndakuberani." Kenako ananditambasulira supuni. "Lawani, a Chigalimoto."

Ndinalawa. Abale, ndinatseka maso. Unali womwewo. Fupa, anyezi, utsi pang'ono, kutentha kotsika mpaka m'mawondo. Ndinatsala pang'ono kulira.

"Mwaona! Ndimanama ine? Dziko lonse lapansi palibe wina!"

"Mchere wake ndi masitepe, bwana," anatero a Dazi akupala fupa ndi mano. "Mukanaulawa muja mumafika, mukanati ndi madzi otsukira mbale."

Supuni inandizizirira m'manja. Ngati zinali choncho, ndiye kuti zaka zonsezi ndinkatama njala yanga, osati msuzi. Ndipo akazi anga sanakwere masitepe.

"Musawamvere awa," anatero mayiyo akutseka fulasiki mwamphamvu. "Sabata osadya ndi masitepe okwanira. Koma mundimvere ine. Mukafika, muwathirire pang'ono m'kapu, inu mutuluke. Ndakumvani mmene mumayankhulira. Wodwala sadya wina akumuyang'ana pakamwa. Thamangani."

Matakisi awiri anandikana. Ankachepetsa liwiro, n'kuona munthu wa malaya othimbirira, nsapato m'manja, jekete yonunkha anyezi, n'kuponda moto. Wachitatu anaima nditamuimira kutsogolo. Mumsewu magalimoto anali atathinana, ndipo pa maloboti aliwonse ndinkagwira fulasiki kumva ngati ikutenthabe, ngakhale ndikudziwa bwino kuti fulasiki siitentha kunja. Tinafika kota tu fili. Chikepe cha m'chipatala chinali chodzaza, ndipo ndinakweranso masitepe.

Akazi anga anali atakhala tsonga, mapilo awiri kumsana, tsitsi lopesa. Paipi inali pathireyi, m'pepala lake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, mwagwera m'ngalande?"

Nkhani yonse inali itafika kale pakamwa, ndipo matumba aja anali atayamba kale kukwana khumi. Ndinaimeza. Ndinathira msuzi pang'ono m'kapu, ndinampatsa mwana wathu, ndinatuluka n'kukoka chitseko.

Pakhondepo panali benchi, koma sindinakhale. Ndinaima pafupi ndi chitseko, khutu lili tcheru. Ndinamva supuni ikugunda kapu, kamodzi. Kenako chete. Ndinkadikira phokoso limene ndinali nditalizolowera sabata yonseyo, la beseni likukokedwa msangamsanga pansi pa bedi. Wina anadutsa akukankha njinga ya odwala, mawilo ake akulira, ndipo ndinafuna kumukalipira kuti akundisokoneza. Supuni inagundanso. Chete wina, wautali kuposa woyamba. M'moyo mwanga sindinakhalepo duu nthawi yaitali choncho ndili maso.

Dokotala anafika teni pasiti fili. Anandidutsa osandizindikira, analowa, anatseka. Ndinawerenga matailosi a pansi kuyambira pachitseko mpaka pawindo, ndinabwerera, ndinayambiranso. Atatuluka anaima, anandiyang'anitsitsa, ananunkhiza m'mwamba.

"Ndinu bambo aja? Amwa theka la kapu, ndipo sanabweze. Paipi tayamba taichotsa. Koma theka la kapu si chakudya, bambo. Amalize wotsalawo pofika madzulo, mawa adye katatu. Zikatero, Lachisanu tikumana."

Ndinakhala pabenchi paja. Patapita kanthawi mwana wathu anasuzumira.

"Adadi, akuti mulowe."

Kapu inali pamiyendo pawo, ataigwira ndi manja awiri. Pamlomo wawo panali ponyowa.

"Ndiye umenewu ndi umene munatiboola nawo makutu?"

"Ndi umenewo, mayi."

"Mchere wachepa." Anakweza kapu, anamwanso pang'ono, anapuma. "Mawa mubweretse wambiri. Muwauze aikemo mbatata ziwiri."

"Mawa?"

"Nanga dokotala simunamumve? Zina zija musavutike nazo, sizilowa. Kapena ngovuta kuupeza?"

Ndinafuna kukweza dzanja kuti ndidzigugude pachifuwa, koma phewa linakana, dzanja linathera pamimba.

"Kwa ine? Ha! Amandidziwa onse kumeneko."

Ndinatuluka kukafunsa anamwino ngati ali ndi mankhwala opaka pamsana, ndiponso ngati akudziwa sitolo yapafupi yogulitsa nsapato za labala. Malole oyamba amalowa pageti lija 5 koloko m'mawa, ndipo mphika amatseka 9.